Masiku Anayi ndi Kalata ya Apongozi

Ndinakhala pachikamwini zaka zambiri m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, ndipo pa zaka zonsezo nkhope ya apongozi anga aakazi ndinkaidziwa cham'mbali chabe. Kwathu mkamwini sayang'anizana ndi mayi a mkazi wake, salankhula nawo, sadyera nawo pamodzi. Tikati tikumane m'njira, ine ndinkapatukira patchire, n'kunyonyomala chofulatira, n'kumaomba m'manja mpaka mtswatswa wawo utazilala. Adzukulu anga amaseka ndikawauza zimenezi. Ife sitinkaonapo choseketsa. Mawu onse a pakati pa ine ndi iwo ankadzera mwa mkazi wanga, amene anatisiya chaka chatha.

Apongoziwo anali munthu wolemba. Anaphunzira kwa asisitere ali mtsikana, nthawi imene atsikana ambiri sankapitirira kalasi yachiwiri, ndipo cholembera sanachitaye ngakhale atakwatiwa, ngakhale amuna awo atamwalira. Tebulo analibe. Ankakhala pakhonde atatambalala, n'kuvundikira lichero pamiyendo, kope pamwamba pake. Ankalemba makalata opita ku nyuzipepala ndi ku wailesi, ndipo ena ankawerengedwadi. Kalata iliyonse ankayamba ailemba m'kope lawo, kenaka n'kuikopera papepala lotumiza. M'dera lathu lonse sindinamvepo za mayi wina amene ankachita zimenezo.

Chinkadabwitsa anthu ndi nkhani zake. Sankalemba za feteleza kapena za msewu wathu wokumbika. Ankalemba za nkhanga zimene zinkachepa chaka ndi chaka chifukwa anthu ankatola mazira ake, za agwape ofera m'misampha ya waya, za akakowa a kudambo amene ankagendedwa popanda chifukwa. Mlongo wawo, amene anali atsibweni a mkazi wanga komanso eni mbumba, ankakonda kunena pamowa kuti, "Mlongo wangayu, anyani akadakhala ndi positi ofesi bwenzi akumuyankha sabata ndi sabata."

Koposa zonse ankalemba za anthu a kuphiri. Nkhondo ya ku Mozambique itatha, othawa kwawo ambiri anabwerera. Mabanja asanu ndi limodzi sanapite. Anakwera phiri n'kumanga timanyumba patsinde pa thanthwe lalikulu, pamalire enieni a nkhalango. Anali ataika ana awo pamenepo m'chaka cha matenda, ndipo kwawoko kunalibe wowadikira. Ankalankhula Chichewa chathu chomwechi, ena ankapemphera nafe, koma munda analibe, mudzi analibe, ndipo ife tinkangowatcha "a kuphiri". Ankadya za m'nkhalango: bowa, masuku, uchi. Mtsogoleri wawo anali mkulu wina wamtali, wolankhula motsitsa, amene ankapachika ming'oma ya njuchi m'mitengo. Apongozi ankakwera kukawaona ndi ndodo yawo, n'kubwerako ndi kope lodzaza. Ankapempha kuti anthuwo apatsidwe malo awoawo. Ankanenanso kuti pamene pali ming'oma pamakhala mitengo, chifukwa munthu wa njuchi sadula mtengo wa maluwa.

Chaka chimene ndikunenachi mvula inatha msanga, ndipo pofika Sepitembala udzu unali utauma gwa, wofika m'khosi. Atsibweni anaitanitsa uzimba. Uzimba wa kwathu unkayenda chonchi: amuna ankazungulira chigwa ndi agalu, zibonga ndi mikondo, mmodzi n'kuyatsa udzu mbali imene mphepo ikuchokera, kuti nyama zothawa moto zithamangire kumene kuli anthu. Ntchito yoyatsa sinkapatsidwa kwa mbadwa ya m'mudzi. Inkapatsidwa kwa mkamwini. Ankati ndi ulemu. Koma aliyense ankadziwa kuti woyatsa amatsalira m'mbuyo ndi utsi, nyama osaiona, ndipo zinthu zikavuta dzanja logwira moto limakhala la munthu wobwera.

Ine uzimba sindinkaukonda. Koma mkamwini wa ana atatu, wolima munda wa eni ake, sakana atsibweni akamuitana.

"Akamwini, lero moto ndi wanu," anatero atsibweni akundipatsira machesi. "Paja inu mumayatsa makandulo kutchalitchi. Dzanja lanu n'lodalitsika."

Anthu anaseka. Nanenso ndinaseka.

Akale ankayatsa m'mawa, mphepo isanadzuke. Ife tinachedwa podikira agalu a kutsidya kwa mtsinje, moti ndinayatsa dzuwa lili paliwombo. Poyamba moto unayenda bwino, kutsikira kuchigwa. Kenaka kamvuluvulu anadzuka pakati pa udzu woyaka, n'kunyamula malawi ngati munthu wanyamula mtolo, n'kukauponya kutsidya kwa kamsewu kamene ankalambula kuti kazitchinga moto. Kuseri kwa kamsewuko kunali mitengo ya paini ya boma, ndipo kumtunda kwake nkhalango yachilengedwe.

Paini akamapsa amaphulika ngati mfuti. Ndinathyola nthambi yaiwisi n'kuyamba kumenya moto, ndikukuwa kuti anthu abwere. Palibe anabwera. Gwape anatulukira mu utsi, msana ukufuka, akulira ngati kamwana ka mbuzi, n'kundidutsa pafupi moti ndikadamugwira. Sanandithawe n'komwe. Kulira kumeneko ndimakumvabe. Ndinamenya moto mpaka mwendo wa buluku langa unayaka ndipo nsidze zinawauka. Pamenepo nanenso ndinathawa.

Anzanga ndinawapeza kumtsinje, akusamba mwaye. Atsibweni anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Lero kunalibe uzimba," anatero. "Aliyense anali kudimba kwake. Mwamva?" Kenaka anatembenukira kwa ine. "Makamaka inu, akamwini. Machesi anali m'manja mwa yani?"

Moto unayaka masiku awiri. Oyang'anira nkhalango atabwera kudzafunsa, amuna a m'mudzi anayankha ngati munthu mmodzi: ndi a kuphiri, paja amafukiza njuchi ndi utsi. Linali bodza losavuta kulikhulupirira. Ine anandidumpha pofunsa, chifukwa atsibweni anati ndikudwala malungo ndipo ndili m'nyumba. Ndinalidi m'nyumba, ndikumvetsera kuseri kwa chitseko. Mabanja a kuphiri anauzidwa kuti achoke pasanathe milungu iwiri, apo ayi nyumba zawo zidzagwetsedwa.

Mantha a masiku amenewo sindikudziwa ngati ndingawalongosole. Galimoto ikalira kumsewu, ndinkathamangira m'nyumba. Ndinkamva anthu akunena kuti wotentha nkhalango ya boma amakakhala kundende zaka. Koma ndende sinkandiopsa ngati atsibweni. Mkamwini akalakwira eni mudzi amapatsidwa khasu lake ndi bulangete, n'kulozedwa njira. Ana amatsala, chifukwa ndi a mbumba. Kwathu ku Lobi makolo anali atamwalira kale, ndipo munda wawo unali ndi alongo anga. Ndikanabwerera ngati munthu wopanda kanthu, wopanda mkazi, wopanda ana. Lamulungu pa Misa sindinapite kukalandira Ukaristia. Ndinakhala pabenchi nditawerama, anzanga a uzimba akundipanikiza mawondo podutsa kupita kutsogolo.

Tsiku lina masana mkazi wanga anabwera kuchokera kunyumba kwa amayi ake, n'kukhala pansi pafupi nane.

"Mayi akufunsa kuti buluku lili pachingwe lija lapsa ndi chiyani."

"Mwawayankha kuti chiyani?"

"Ndati sindikudziwa." Anandiyang'ana kumaso. "Nanga nsidzezi, bambo, nazonso zinapsera kudimba?"

Ndinayang'ana kumbali. Iye sanafunsenso.

M'mawa mwake apongozi anakwera kuphiri. Atabwerako anakhala pakhonde masiku awiri, lichero pamiyendo. Ndinkawasuzumira ndili kuseri kwa nkhokwe. Ndinkangoona msana wawo ndi chigongono chikuyenda, n'kuima, n'kuyendanso. Chigongono chikaima ndinkadziuza kuti afika pa dzina langa.

Lachinayi m'mawa mkazi wanga anandipatsa envulopu yomata bwino.

"Mayi akuti mukapereke kwa mkulu woyang'anira nkhalango."

"Bwanji osakaiponya ku positi monga amachitira masiku onse?"

"Akuti iyi si ya positi. Mukaipereke m'manja, ndipo musakachoke mpaka ataiwerenga. Paja njinga muli nayo ndinu."

"Dzina langa lilimo?"

"Sindinaiwerenge."

"Tapitani mukawafunse."

Anapita. Sanachedwe.

"Akuti kalatayo alembera woyang'anira nkhalango, osati inu."

Akanakhala munthu wina aliyense, ndikanapita ndekha kukagwada n'kufunsa. Koma apongozi sungawafunse. Sungawachonderere, sungawawerenge pankhope. Ndinaika kalatayo m'buku langa la nyimbo, bukulo m'thumba la jekete, n'kukwera njinga.

Tsiku limenelo ndinafika pamphambano yopita ku ofesi, miyendo n'kupitiriza kupalasa yokha. Ndinakathera kumsika, n'kumazungulira pakati pa ogulitsa mbatata ndi nyemba osagula kanthu. Pobwera ndinauza mkazi wanga kuti mkuluyo sindinamupeze. Ndinadzitonthoza kuti sindinaname, popeza sindinamupezedi.

Lachisanu ndinati tayala laphwa. Mpweya ndinautulutsa ndekha kuseri kwa bafa.

Loweruka ndinapita ku Kabwazi kuti ndikalape. Ndinaima pamzere, koma nthawi yanga ikayandikira ndinkauza wa kumbuyo kuti atsogole. Ndinatsogoza anthu mpaka mzere unatha, ine n'kutuluka. Kuseri kwa tchalitchi ndinatulutsa envulopu ija n'kuiloza kudzuwa. Munkangooneka mizere yothithikana, yosawerengeka. Chimbudzi chinali pafupi. Ndinaganiza zoiponyamo, ndipo sindibisa, ndinayenda mpaka pakhomo pake. Chinandiletsa si chilungamo. Ndinaopa kuti apongozi akazindikira alemba ina, ndipo m'yachiwiriyo ndiye dzina langa silingaphonye.

Pobwerera, ndikukwera chitunda wapansi, ndinakumana ndi mkulu wa njuchi uja akutsika ndi botolo m'manja. Ndinafuna kupatuka, koma anali atandiona kale.

"Bambo, mwandipeputsira ulendo," anatero atandipatsa moni. "Mukawapatse mayi aja. Ndi uchi womaliza. Ming'oma ina yonse inapsa."

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinafunsa za kuphiri, poti panalibe china chofunsa.

"Banja lina lanyamuka dzulo. Lina likuti linyamuka mawa, likuopa kugwetseredwa nyumba ana akuona. Akazi anga akusanja miyala pamanda, kuti wina akadzabwera m'tsogolo adzadziwe pamene pagona ana." Anayang'ana pansi, pa mwendo wanga. "Nanga mwendowo wapola?"

Ndinabweza mwendowo m'mbuyo.

"Tinakuonani tili pathanthwe," anapitiriza. "Anzanu atathawa inu munatsala mukuzima. Tinati bambo uyu apsa."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Tinene kwa yani, bambo? Inu muli ndi mudzi. Ife tikalankhula amati akudziteteza."

Sanakwiye. Ananditsanzika mwaulemu, n'kubwerera kuphiri. Ndikanakonda akananditukwana. Ndinaima pamenepo ndi botolo la uchi, ndikuganiza kuti anthu onse a pathanthwe paja, ndi ana omwe, akundidziwa.

Lamulungu Misa itatha sindinafune kuyenda ndi anthu. Ndinadzera kanjira kachidule kamene kamadutsa pakati pa mwala waukulu ndi chigwembe. Pamalo ena kanjirako n'kopanikiza, ndipo pali mtengo wa msuku wopendekera kunjira. Ndili pomwepo ndinamva ndodo ikugogoda miyala kumbuyo kwanga. Kugogoda kumeneko ndinkakudziwa. Ndinadziponya m'tiudzu ta patsinde pa msukuwo, n'kufulatira, n'kuyamba kuomba m'manja.

Mtswatswa unafika pafupi, n'kuima. Sunapitirire. Ndinaombabe m'manja mpaka zikhatho zinayamba kuwawa.

Mwambo umaletsa apongozi kulankhula ndi mkamwini, koma suwaletsa kulankhula ndi mtengo.

"Iwe msuku," anatero apongozi, "wakhala pano zaka zambiri ukuona anthu akudutsa. Tandiuza, kuchoka kwathu kukafika ku ofesi ya nkhalango pa njinga ndi ulendo wa masiku angati?"

Ndinasiya kuomba m'manja.

"Ine ndakalamba, zambiri zimandipita. Mwina ofesiyo anaisamutsira ku Joni."

Aka kanali koyamba kumva mawu awo akulunjika kumene ndili. Ndinayang'ana khungwa la mtengo limene linali pafupi ndi mphuno yanga. Panali nyerere zikukwera.

"Msuku," ndinatero, "uwauze mayi kuti kalata ili pompano. Ili m'buku la nyimbo."

"Ikuphunzira kuimba?"

"Uwauze kuti ndikuopa."

Ndinamva akupuma, kenaka akukhala pamwala.

"Msuku, uwauze bambowo kuti nanenso ndikuopa. Amene anaitanitsa uzimba ndinayamwa naye bere limodzi. Mwana wanga ndi adzukulu anga amadya thukuta la bambowo. Polemba kalata ija mizere ina ndinaibwereza katatu. Koma kuphiri kuli mayi amene akusanja miyala pa ana ake. Ndipo Lachitatu akubwera kudzagwetsa nyumba."

"Uwafunse ngati dzina langa lilimo."

"Uwauze kuti sindinena. Ndikati mulibe, apita mopepuka ngati wokapereka moni. Ndikati lilimo, apita ngati mbuzi yokokedwa pachingwe. Ine ndikufuna apite ndi miyendo yawo." Ndodo inagogoda pansi, akudzuka. "Akaona kuti sangathe, asiye kalatayo patsinde pakopo. Ndidzaitenga mawa m'mawa, ndidzayenda ndekha wapansi. Sindidzauza munthu, ngakhale mwana wanga."

Anadutsa. Chitenje chawo chinakhudza udzu wa kumbuyo kwanga.

Atapita ndinatulutsa kalata ija, n'kuiika patsinde pa msuku, n'kuipsinja ndi mwala kuti isauluke. Ndinayenda mpaka pamene kanjira kamakhotera. Mtima unapepukadi, sindikana. Kenaka ndinawaona m'maganizo apongozi, ndi ndodo yawo, ndi mapazi awo otupa, akukwera zitunda zonse zija tsiku lathunthu, ine ndili pakhomo ndi njinga. Ndinabwerera. Ndinachotsa mwala uja n'kuitenganso kalatayo.

Lolemba m'mawa ndinapopa tayala. Mkazi wanga anatuluka ndi kamtolo n'kukamanga pakaliyala. Munali mbatata yootcha ndi bulangete.

"Bulangeteli n'lachiyani?"

"Amati kumeneko kumazizira," anatero, maso ali pa chingwe chimene ankamanga. "Mukapanda kubwera lero, mawa ndikulondolani."

Sindinamuuzepo chilichonse, koma ankadziwa zonse. Ana anali atapita kusukulu. Ndinayamika Mulungu kuti sanandione ndikunyamuka.

Njira yonse ndinkanena kolona, koma sindinamalize ngakhale chigawo chimodzi. Ndinkangobwereza mawu omwewo. Msewu unkadutsa m'mbali mwa lupsa, mitengo ili chiimire yakuda bii, popanda mbalame ngakhale imodzi yolira.

Mkulu woyang'anira nkhalango anali bambo wa magalasi, wooneka wotopa. Anang'amba envulopu ndi chala, n'kuwerenga mwakachetechete. Masamba anali atatu. Ine ndinakhala pampando wa thabwa, chipewa pamawondo, ndikuyang'ana milomo yake kuti mwina ndiona dzina langa likupangika. Atafika kumapeto anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kubwerera pa tsamba lomaliza, n'kundiyang'ananso.

"Awa ndi mayi aja amalemba za nkhanga?"

"Eya, bwana."

"Amalemba bwino." Anapinda kalata. "Akuti moto unachokera ku uzimba wa m'mudzi mwanu. Koma akuvomera okha kuti kunalibeko. Ine ndili ndi amuna a m'mudzi momwemo amene anandiuza ndi pakamwa pawo kuti ndi a njuchi. Kalata ya munthu amene sanaone singafafanize zimenezo." Anaika kalata pansi pa kapu. "Ndaiwerenga, bambo. Pali china?"

Chitseko chinali chotsegula. Njinga yanga ndinkaiona panja, itatsamira mtengo, kamtolo kali pakaliyala. Palibe anandigwira, palibe anandifunsa dzina. Ndinaimirira, n'kuthokoza, n'kuyenda mpaka pakhomo. Ndikukumbuka kuti ndinagwira felemu la chitseko.

"Bwana," ndinatero ndisanatembenuke, "machesi anali m'manja mwanga."

"Mwati bwanji?"

Sanamve. Mawu anali atatuluka aang'ono kwambiri. Ndinayenera kutembenuka n'kunenanso kachiwiri, ndipo kachiwiriko kanali kowawa kuposa koyamba. Kenaka ndinapinda buluku n'kumuonetsa bala.

Anandikhazika pansi n'kulemba zonse. Mayina a anzanga sanandifunse. Anati ali nawo kale, ndi omwe aja anabwera kudzanenera a njuchi. Ndinakhala pabenchi la panja mpaka dzuwa litapendeka, ndikudikira kuti andimange. Mbatata ija sindinaikhudze. Pamapeto pake anandiuza kuti ndizipita, adzatiitana tonse.

Lachitatu kuphiri sikunapite munthu. Mlandu utakambidwa, ife a uzimba tinalamulidwa kudzala mbande m'malo onse amene anapsa ndi kulambula kamsewu kotchinga moto dzinja lonse. Ndinagwira ntchitoyo pakati pa amuna amene sankandilankhula, kupatula pondiitana kuti "bambo a machesi". Dzinalo linandikakamira zaka.

Chimene ndinkaopa kwambiri chinafikadi. Tsiku lobwera ku mlandu atsibweni analowa pabwalo langa, n'kutenga khasu langa, n'kukaliponya panjira yotulukira m'mudzi. Anthu anaima m'makonde. Mkazi wanga anagwira ana. Ine ndinangoti njo, osadziwa ngati ndikalowe m'nyumba kukatenga bulangete. Pamenepo apongozi anatuluka. Ndinafulatira msanga, choncho zimene zinachitika anandiuza ndi mkazi wanga. Akuti anayenda pang'onopang'ono mpaka panjira, n'kutola khasulo, n'kubwera nalo kudzalitsamiritsa pankhokwe yanga. Kenaka anayang'ana mlongo wawo mpaka iye anachoka. Atsibweni sanandilankhulenso mpaka imfa yawo, ndipo sindiwaweruza. Nawonso ankaopa, ndipo mantha ndikuwadziwa.

Mabanja anayi anatsala kuphiri. Apongozi analembabe, chaka ndi chaka, mpaka anthuwo anapatsidwa malo kumunsi, pafupi ndi dambo, kumene ana awo akulima lero. Kumanda kuja amakwerako kukalambula. Mabanja awiri aja sanabwerere, ndipo palibe akudziwa kumene anathera. Limodzi linanyamuka Lachisanu, tsiku limene ndinaphwetsa tayala. Linalo linanyamuka Lamulungu, mwina nthawi yomwe ndinkalankhula ndi mtengo. Ndinakalapa zimenezi, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinakhululukidwa, koma ndimawatchulabe m'mapemphero ngakhale mayina awo sindiwadziwa.

Nkhanga zinabwerera paini atakula. Gwape sindinamuonenso m'dera lathu.

Ine ndi apongozi sitinalankhulanenso, ngakhale kudzera mu mtengo. Tinkapatukirana m'njira monga kale. Nkhope yawo ndinaiyang'ana bwinobwino koyamba ali m'bokosi. Anali ndi kachipsera pachibwano, kamene sindinkakadziwa.

Chaka chatha, titaika mkazi wanga, ana anandithandiza kulongosola katundu wake. Pansi pa sutikesi panali makope a amayi ake, omangidwa ndi kansalu. Ndinawasunga miyezi ingapo osawamasula. Tsiku lina masana ndinakhala pakhonde n'kuyamba kufufuza, mpaka ndinaipeza. Ndinaizindikira ndi mizere yofufutafufuta.

Tsamba loyamba linali la anthu a kuphiri: banja lililonse, ana ake amoyo, ana ake ogona pansi pa thanthwe. Lachiwiri linali la ming'oma imene inapsa, ndi funso lakuti munthu angatenthe bwanji nkhokwe yake yomwe. Analembanso za nyama zimene anapeza zitafa m'lupsa pokwera phiri. Za uzimba analemba mizere iwiri yokha, popanda dzina la munthu. Dzina langa munalibe paliponse. Kumapeto kwa tsamba lachitatu kunali mawu awa:

"Wobweretsa kalatayi ndi mkamwini wanga. Sindinalankhulepo naye, koma ndakhala ndikumuona kuchokera pakhonde langa zaka zonsezi. Akalankhula, mumukhulupirire. Akakhala chete, musamukakamize, mulekeni abwerere kwa ana ake."

Ndinawerenga kangapo. Ndinakumbuka mkulu wa magalasi uja akundiyang'ana, n'kubwerera pa tsamba lomaliza, n'kundiyang'ananso. Tsiku lija ndinkaganiza kuti mwina akunditchera msampha, kuti ndikangotuluka andiitana. Ayi. Chitseko chija chinali chotseguladi. Ndikanakwera njinga, kudya mbatata yanga m'njira, n'kufika kunyumba dzuwa lisanalowe, ndipo palibe akanandifunsa kanthu mpaka lero. Lachitatu nyumba zikanagwa.

Ndinali nditagwira kale felemu. Phazi limodzi linali panja. Ndikaganiza za phazi limenelo, ngakhale pano pamene ndakalamba ndipo onse aja anapita, ndimaopabe ngati tsiku lomwe lija.